Pakhonde la Mwalimu: Nambala ya Chinsinsi Ikhale ndi Mwini Wake

Abale ndi alongo nonse amene mumawerenga tsamba lino kuyambira ku Makanjira, Mangochi, Monkey Bay, Chipoka, Salima mpaka ku Nkhotakota, miyezi itatu yatha ngati dzulo ndipo mwa chifuniro cha Allah takumananso pakhonde pano. Kuno ku Mwanza manachesi atha m'mitengo, kwangotsala fumbi ndi magalimoto akuluakulu amene andanda mu msewu kudikira kuolokera ku Zobue. Ambiri a inu mumaidziwa Mwanza poti ndi pomwe ana anu amadutsa popita ku Joni. Lero tikambe za zomwe anawo amatumiza akafika kumeneko, ndiye kuti ndalama zolowera pa lamya ya m'manja, makamaka pamene mwini lamyayo ali munthu wosaona.

Tsiku lina Lachisanu titatha Swala ya Juma, anthu ali kalikiliki kufunafuna nsapato zawo pakhomo la mzikiti, mkulu wina adandigwira mkanjo. Awa ndi bambo a zaka zopitirira 70. Kwawo kwenikweni ndi kunyanja konko, koma adabwera kuno ali mnyamata kudzagwira ntchito ya utelala ndipo adakhazikika. Maso awo adayamba kuchita nkhungu zaka zisanu zapitazo kaamba ka matenda a shuga, mpaka makina osokera adawasiya. Lero amayenda atagwira phewa la mdzukulu wawo, mwana wa mwana wawo wamkazi.

"Mwalimu, tapatukirani kuno pang'ono," adatero motsitsa mawu, atayamba amutuma mdzukuluyo kukagula sopo. "Tandionerani m'kafoni kangaka. Mwana wanga wa ku Joni akuti adatumiza ndalama za mankhwala ndi chimanga. Koma zomwe zidafika m'manja mwangamu sizikugwirizana ndi zomwe akunena iye. Kapena makutu nawonso ayamba kundithawa?"

Ndidalandira kafoniko, ka mabatani, komangidwa ndi labala kuti batire lisagwe. M'mauthenga ndidapeza kuti zidalowa K80,000. Tsiku lomwelo zidatapidwa K50,000, zomwe ndi zimene bambowo adalandira. Patapita masiku awiri zidatapidwanso K25,000. Mauthenga a miyezi ya m'mbuyo adali atafufutidwa onse.

"Bambo, nambala ya chinsinsi ya ndalamazi amaidziwa ndani?" ndidafunsa.

"Mdzukulu wanga yemweyu. Nanga ine ndingaidziwe bwanji poti sindiona?"

Ndidawauza zomwe ndidapeza, popeza ndi zomwe adandipempha. Adakhala duu kanthawi, kenako adati: "Mwalimu, amalume ake a ku Joni asamve zimenezi. Mwanayu akandikwiyira, adzandiperekeza ndani kumzikiti? Adzanditungira ndani madzi a udhu?" Ndidasowa chonena, pakuti mnyamata ameneyu ndidamuphunzitsa ndekha Alif, Ba, Ta pa madrasa pathu pano. Akuluakulu sadaname ponena kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Usiku umenewo tulo tidandivuta. Sikuti ndinkaganiza kwambiri za K25,000 ija ayi, koma za mawu aja akuti, ndingaidziwe bwanji poti sindiona. Nambala ya chinsinsi, imene ambiri timangoti PIN, siifuna maso. Imasungidwa m'mutu ndipo imalembedwa ndi chala. Bambo awa amawerenga Surah Yasin pamtima osaphonya, ndipo akakugwirani paphewa amakuuzani mamita a nsalu amene angakukwanireni. Manambala anayi okha angawakanike? Vuto ndi lakuti tsiku lomwe maso awo adazima, ife a pabanja ndi a pamzikiti tidangogamula tokha kuti nzeru zawonso zazima, ndipo palibe amene adakhala nawo pansi kuti awaphunzitse.

Bambowa sali okha. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo, anthu 10 ali ndi ulumali wina wake, ndipo pafupifupi theka la amenewa vuto lawo ndi la maso. Tsono chiyambire Airtel Money mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, chikwama cha ndalama chidasamukira m'foni. Kale agogo ankamanga ndalama zawo pamfundo ya chitenje ndi kumazipapasa ndi zala nthawi iliyonse akafuna. Lero mfundo ija ndi PIN, ndipo amene akuidziwa ndiye wagwira chitenjecho.

Muadhini amene sankaona

Ife Asilamu tili ndi chitsanzo pankhani ngati iyi. Abdullah ibn Umm Maktum adali swahaba wosaona. Iyeyu ndiye amene adafika kwa Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye, kudzapempha kuphunzitsidwa pa nthawi imene Mtumiki ankalankhula ndi akuluakulu a Quraysh. Mtumiki adachita tsinya ndi kuyang'ana kumbali, ndipo Allah adatsitsa Surah Abasa, surah ya nambala 80 m'Qur'an, pomudzudzula pa zimenezi. Wosaona uja adali ndi ufulu wophunzira chimodzimodzi ndi mafumu aja.

Ku Madinah, Ibn Umm Maktum sadasiyidwe pakona kuti azingodikira chakudya. Adapatsidwa udindo wa umuadhini pamodzi ndi Bilal, ndipo maulendo angapo Mtumiki akachoka mu mzindawo ankasiya iyeyu kuti azitsogolera anthu pa Swala. M'mabuku a Hadith timamva kuti m'mwezi wa Ramadhan, Bilal ankachita adhana kudakali mdima, ndipo anthu ankapitiriza kudya daku mpaka atamva adhana ya Ibn Umm Maktum. Popeza iye sankaona m'bandakucha, ankadikira kuti anthu oona amuuze kuti kwacha.

Taganizirani bwino zimenezi, awerengi anzanga. Kusala kwa mzinda wonse kudatsamira pa munthu wosaona ndi pa kukhulupirika kwa amene ankamuuza kuti kwacha. Anthuwo ankamubwereka maso, koma sankamulanda adhana. Ankamuuza zomwe aona, iye n'kuitana yekha. Umu ndi momwe tiyenera kuchitira ndi lamya ya kholo kapena m'bale wathu wosaona. Muwerengereni zomwe zalembedwa pagalasi, koma PIN alembe yekha.

Kadontho ka pa 5

Lolemba lotsatira madrasa ataweruka ndidapita kunyumba kwa bambo aja. Tidakhala pamphasa ndipo ndidawapempha kuti ayendetse chala chachikulu pa mabatani a foni yawo. Pasanathe nthawi adati, "Pali kachiphuphu apa." Inde, pa mafoni ambiri a mabatani, batani la 5 lili ndi kadontho kapena kamzere kotukuka. Adakaikapo dala kuti munthu wosaona, kapena amene ali mumdima, adziwe pomwe chala chake chili. Tengani foni yanu tsopano lino mupapase, mukapeza.

Mukapeza 5, mwapeza manambala onse. Pamwamba pa 5 pali 2, pansi pake pali 8, kumanzere kuli 4, kumanja kuli 6. Mzere wa pamwamba ndi 1, 2, 3 ndipo wa pansi pa 5 ndi 7, 8, 9. Pansi pa 8 pali 0, kumanzere kwa 0 kuli kanyenyezi, kumanja kwake kuli hashi. Ngati kadonthoko kadatha ndi kukalamba kwa foni, dontheziranipo kaguluu pang'ono kaume. Tidabwereza zimenezi ngati momwe ana amabwerezera zilembo pa ubao, ndipo pofika nthawi ya Maghrib bambowo ankatha kuimba *211# okha. Amene muli pa Mpamba nambala yanu ndi *444#. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri tidasintha PIN. Ine ndidawatsogolera mpaka pamene foni idafunsa nambala yatsopano, kenako ndidawapatsa foniyo ndi kutembenukira kukhoma. Mpaka lero sindikuidziwa ndipo sindifuna kuidziwa. Posankha PIN pewani 1234, 0000, chaka chobadwa kapena manambala omalizira a foni yanu, chifukwa wakuba amayambira pamenepo. Ndiwonjezereponso ya ife Asilamu: pewani 0786 ndi 7860. Ambiri timaikonda nambala imeneyi, ndipo amene akudziwa kuti ndinu Msilamu sachedwa kuiyesa. Dziwaninso kuti mukalakwitsa PIN kangapo motsatizana ndalama zimatsekeka, choncho musachite phuma.

Chachitatu tidaika manambala a anthu ofunika pa mabatani oimbira mwachidule. Mafoni ambiri amalola kuti mukadina batani limodzi ndi kuligwira kanthawi, aimbe okha kwa munthu amene mudamusungapo. Pa 2 tidaikapo mwana wa ku Joni, pa 3 mwana wamkazi, pa 4 ineyo, pa 5 nambala ya kampani ya foni yothandizira makasitomala. Anthu amenewa tidawapatsanso kaliridwe kawokawo, kotero foni ikalira bambowo amadziwiratu ngati ali wa pabanja kapena mlendo. Mafoni ena a mabatani amatchula nambala iliyonse imene mwadina. Izi n'zothandiza pophunzira, koma polemba PIN pagulu tsitsani mawuwo kapena valani mahedifoni.

Pa ejenti

Ngozi yaikulu ili pa kauntala ya ejenti. Mukaima pa msika wa Mwanza kapena pa Mangochi Boma kwa ola limodzi, mudzamva anthu, ngakhale oona bwinobwino, akupereka foni kwa ejenti ndi kutchula PIN mokweza ngati akuitanitsa tomato. Maejenti ambiri ndi anthu okhulupirika, koma kumbuyo kwanu kwaima anthu ena amene simukuwadziwa, ndipo wosaona sadziwa n'komwe kuti alipo angati.

Ndinene mosabisa kuti kusunga PIN kokha sikuthetsa zonse. Pa foni ya mabatani wosaona sangaone ngati womuthandiza walemba K20,000 kapena K30,000, kapenanso ngati walemba nambala ya ejenti kapena ya mnzake. N'chifukwa chake banja liyenera kugwirizana mfundo izi.

Wotumiza ndalama aziimbira mwini wake, osati womuthandiza, ndi kumuuza ndi pakamwa ndalama zomwe watumiza. Inu a ku Joni amene mumatumiza kudzera ku Mukuru ndi njira zina, imbirani mayi kapena bambo anu eni ake, muwauze makwacha amene akuyenera kufika.

Wothandiza kutapa ndalama akhale wina, wowerenga mauthenga akhalenso wina. Sikuti tikuganizira munthu zoipa ayi. Ngakhale ndalama za mzikiti timawerenga anthu awiri kapena atatu, ndipo palibe amene amakwiya nazo. Mboni imateteza wokhulupirika kuti asanamiziridwe, ndipo imachotsa mayesero kwa wofooka.

Muzifunsa balansi musanatape ndi mutatapa, ndipo ejenti atchule mokweza ndalama zomwe zikutapidwa PIN isanalembedwe. Ndalama azikuwerengerani m'manja mwanu pepala limodzilimodzi, akutchula mtengo wake. Mauthenga a ndalama asafufutidwe, ndipo ngati apezeka atafufutidwa funsani chifukwa chake tsiku lomwelo. Ngati n'kotheka khalani ndi ejenti mmodzi wokhazikika amene banja lonse likumudziwa.

Chinanso, simu khadi ikhale yolembetsedwa m'dzina la mwini wake. Kuyambira mu 2018 bungwe la MACRA lidalamula kuti nambala iliyonse ilembetsedwe, ndipo pa nthawi imene ija okalamba ambiri adangotuma ana kukalembetsa ndi ziphaso zawo. Tsono foni ikatayika, kapena mwanayo akasamuka kapena mukayambana, mwa lamulo nambala ndi ndalama zomwe zili mmenemo zimaoneka ngati zake. Perekezani kholo lanu ku ofesi ya kampani ya foni ndi chiphaso chake cha unzika mukakonze zimenezi.

Akamberembere a kutali

Tsopano tikambe za akuba amene sitiwadziwa. Njira zawo ambiri mudazimvapo. Wina amatumiza uthenga wofanana ndi wa kampani wonena kuti mwalandira ndalama, kenako amaimba akulira kuti watumiza molakwika, mumubwezere. Wina amati ndi dalaivala wochokera ku Joni, wanyamula katundu amene mwana wanu wakutumizirani, koma watsakamira pa chipata cha Mwanza ndipo pakufunika ndalama za msonkho msanga. Ife a kuno timaseka tikamva zimenezi poti chipatacho timachiona tsiku ndi tsiku, koma mayi amene ali ku Makanjira, amene mwana wawo alidi ku Joni, mtima umagunda. Wina amati mwana wanu wachita ngozi ali kuchipatala. Wina amati mwawina mphoto, kapena dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo. Winanso amati ndi wa ku kampani ya foni, akufuna kukonza nambala yanu, mungomuuza PIN kapena mudine manambala amene akutchula.

Munthu woona amatha kuyang'ana pamwamba pa uthenga ndi kuzindikira kuti wachokera ku nambala wamba osati ku dzina la kampani. Wosaona amangomva zomwe wamuwerengera mwana, ndipo ana ambiri amawerenga mawu okha osatchula wotumiza. Choncho funso loyamba likhale lakuti, "Uthengawu wachokera ku dzina kapena ku nambala?" Kenako funsani balansi. Ngati balansi siidakwere, palibe ndalama yomwe yalowa, ngakhale woimbayo alire chotani. Ngati zalowadi molakwika, muuzeni aimbire kampani kuti ndiyo ibweze.

Kampani ya foni, banki kapena ofesi ya boma siifunsa PIN ya munthu. Aliyense wofunsa PIN pa foni ndi wakuba, ngakhale atayamba ndi salamu yonse mpaka wabarakatuh ndi kukutchulani dzina lanu lenileni. Chida chawo chachikulu ndi changu: tumizani pompano, basi ikunyamuka, dokotala akudikira. Mankhwala ake ndi kudula foni ndi kudina batani lija la mwana wanu kuti mumve kwa iye mwini. Ngati sakupezeka, funsani woimbayo funso lomwe wa pabanja yekha angayankhe, monga dzina la bwato la agogo kapena dzina la paubwana la mwanayo. Wakuba amadula yekha.

Palinso kuba kwa nambala yeniyeniyo, pamene akathyali amakatulutsa simu khadi ina ya nambala yanu. Zikatero foni yanu imangoti zii, netiweki n'kusowa. Woona amazindikira msanga poyang'ana pagalasi, koma wosaona amangoganiza kuti lero palibe amene wamukumbukira. Chizolowezi chabwino ndi kuimbira munthu mmodzi m'mawa uliwonse. Ngati foni ikukana pamene za anzanu zikugwira, pitani ku ofesi ya kampani tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso foni ikabedwa: tsekani nambala msanga ndipo kanenani ku polisi. Dziko lino lili ndi lamulo la m'chaka cha 2016 lolimbana ndi umbava wa pa makina ngati umenewu. Inunso a m'midzi yopanda magetsi, samalani posiya foni kotchajitsa tsiku lonse ili yosakhoma. Kasola kakang'ono ka pakhomo kangakupulumutseni ku zambiri.

Foni yolankhula

Kwa achinyamata osaona ndi ena amene ali ndi foni zamakono zopanda mabatani, nkhani ndi yabwino kuposa momwe ambiri amaganizira. Mafoni a Android, monga Samsung, Tecno ndi itel, ali ndi pulogalamu yotchedwa TalkBack imene imapezeka mu Settings pansi pa Accessibility. Pa iPhone pali VoiceOver, imene idayamba mu 2009. Mukaiyatsa, foni imatchula chilichonse chimene chala chakhudza. Kukhudza kamodzi ndi kumva dzina la chinthucho, kugogoda kawiri mofulumira ndi kuchitsegula. Kukoka chala chimodzi kupita kumanja kumakufikitsani pa chinthu chotsatira, ndipo potsitsa kapena kukweza tsamba mumagwiritsa ntchito zala ziwiri. Pa mafoni ambiri mungathe kukonza kuti mukadina mabatani onse awiri a voliyumu kwa masekondi atatu, TalkBack iziyaka kapena kuzima. Ndaonapo anthu oona ataiyatsa mwangozi n'kuthamangira kwa shehe kuti foni yalowa majini. Si majini ayi, ndi mphatso kwa m'bale wanu wosaona.

Mawu ake ndi a Chingerezi ndipo Chichewa ndi Chiyao amachiwerenga mopotoka moseketsa, koma khutu limazolowera. Pofuna kupewa vutoli abale muzitumiza mauthenga a mawu pa WhatsApp m'malo molemba. Ubwino waukulu wa foni yotereyi ndi wakuti mwini wake amadzimvera yekha dzina la wotumiza uthenga, ndalama zomwe zalowa ndi balansi, popanda kudalira maso a munthu wina. Amathanso kumvera Qur'an kuchokera kwa owerenga odziwika ndi kukumbutsidwa nthawi za Swala. Amene adaphunzira zilembo za Braille za timadontho tisanu ndi kamodzi angathenso kulemba nazo pagalasi, poti TalkBack idawonjezera njira imeneyi mu 2020. Amene amaona pang'ono akulitse zilembo mu Settings momwemo.

Koma foni yolankhula ili ndi pakamwa, ndipo pakamwa pamaulula. Pa *211# ndi *444# imatha kutchula mokweza manambala amene mukulemba, ndi PIN yomwe. Choncho mahedifoni akhale m'thumba nthawi zonse. TalkBack ndi VoiceOver zili ndi njira yodetsera galasi kuti amene wakhala pambali panu m'minibasi asaone kanthu pamene foni ikugwirabe ntchito. Khomani foni ndi chidindo cha chala, chimene n'chosavuta ndipo palibe angachimvere. Musachedwenso pa ndondomeko za ndalama chifukwa zimaduka zokha pakapita kanthawi. Yesererani kunyumba pofunsa balansi mpaka chala chizolowere. Pa WhatsApp, manambala asanu ndi imodzi amene amabwera pa uthenga musauze munthu aliyense, chifukwa ndi amene akuba amalandira WhatsApp yanu ndi kuyamba kupempha ndalama kwa abale m'dzina lanu.

Palinso Be My Eyes, imene adayambitsa Hans Jørgen Wiberg wa ku Denmark mu 2015. Imalumikiza wosaona ndi munthu wongodzipereka amene amaona kudzera pa kamera ya foni ndi kumuuza, mwachitsanzo, tsiku lothera mphamvu la mankhwala kapena mtundu wa chovala. Imafuna bandulo ya intaneti. Kumbukirani kuti woyankhayo ndi mlendo, choncho musamuonetse chiphaso, khadi ya ku banki kapena mauthenga a ndalama.

Kwa ife othandiza

Foni ya wosaona ikakhala m'manja mwanu, imeneyo ndi amana. Werengani uthenga wonse monga momwe walembedwera, osachotsa kapena kuwonjezera. Musatsegule zomwe sadakutumeni. Musadzigawire mayunitsi ake poganiza kuti sadziwa. Nenani mokweza chilichonse chimene mukuchita, monga, "Tsopano ndikulemba K10,000, tsopano ikufunsa PIN, nayi foni yanu." Ikafika nthawi ya PIN yang'anani kumbali. Mukamaliza ibwezeni m'manja mwake, osati kungoisiya penapake. Ndipo wosaona akafunsa kuti wina awerengenso uthenga womwewo, musakhumudwe. Inunso mumawerenga chenji ya m'sitolo ngakhale wogulitsa ali m'bale wanu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Musaiwalenso kuchipatala. Kusaona kwina, monga kwa ng'ala, kumachizika ndi opareshoni yaifupi, ndipo pa chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre pali chipatala cha maso cha Lions Sight First. Yambirani pa chipatala cha boma lanu kuti akuuzeni koyenera kupita. Pa za maphunziro ndi ufulu wa osaona, funsani a Malawi Union of the Blind kapena aphunzitsi a ana a ulumali amene amaphunzira ntchito yawo ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Ndikupemphanso makomiti a mizikiti kuti asankhe achinyamata awiri okhulupirika, mnyamata ndi mtsikana, aphunzire zomwe talemba panozi ndi kukaphunzitsa osaona a m'dera lawo khomo ndi khomo.

Mwina mukufunsa kuti zidatha bwanji ndi mdzukulu uja. Ndidamuitana payekha ndipo tidakambirana nthawi yaitali. Zomwe tidakambiranazo zitsale pakati pa iye, agogo ake ndi Allah. Amalume ake sadauzidwe kanthu kupatula pempho lakuti aziimbira bambo awo eni ake akatumiza ndalama. Mnyamatayo akuwaperekezabe agogo ake kumzikiti ndi kwa ejenti. Iye ndiye amalemba nambala ya ejenti ndi ndalama, akutchula mokweza, kenako amapereka foni. Mauthenga amawerenga ndi amayi ake madzulo.

Lachisanu lapitali bambo aja adandigwiranso mkanjo pakhomo la mzikiti. Adatulutsa kafoni kaja, adalowetsa dzanja pansi pa kilemba chawo, ndipo ndidangomva mabatani akulira. Kenako adandipatsa. "Mwalimu, tandiwerengerani balansi yokhayo. Zinazo ndamaliza ndekha." Ndidawawerengera. Adagwedeza mutu n'kunena kuti, "Alhamdulillah, ndi yomweyo imene ndimayembekeza."

Ngati m'banja mwanu muli wosaona amene wapeza njira ina yabwino yogwiritsira ntchito foni, tilembereni kudzera kwa mkonzi kuti ena apindule m'kope likudzalo, Insha Allah. Tsambali muwawerengerenso eni ake a nkhaniyi, osadumpha mzere.



Mwalimu wanu,
Mwanza